Kiyibodi Inapita Kukalandira Alendo

Lolemba lina m'mwezi wa Febuluwale, mvula ili pachimake, ndinapha kompyuta ya ku Chama ndili khale pampando wanga ku Chipata. Awa anali mawu a bwana wanga, osati anga. Ine mpaka lero ndimakanitsitsa kuti sindinaphe kanthu.

Zinali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ndinkagwira ntchito m'kaofesi kena koyang'anira madzi a m'mitsinje. Kumtunda kwa mtsinje wa Luangwa, kufupi ndi Kambombo, tinazika chipangizo choyezera madzi. Chipangizocho chinkauza kompyuta ya ku Chama mmene mtsinje wakwerera, osati mawa kapena madzulo, koma nthawi yomweyo. Madzi akadutsa mzere woopsa, kompyutayo inkaliza belu pa wailesi ya asikauti a zanyama ku Chifunda, kumunsi kwa mtsinje. Asikautiwo ankakwera njinga kukauza anthu ogona m'minda ya m'mphepete mwa mtsinje kuti athawe. Madzi ochokera ku Kambombo amatenga nthawi kuti afike ku Chifunda, ndipo kanthawi kameneko ndi kamene kankapulumutsa anthu.

Kompyutayo inali ndi nthenda imodzi. Nthawi zina inkauma n'kumangotumiza nambala imodzimodzi, kaya kunja kukugwa mvula yotani. Mankhwala ake ndinapanga ndekha: kapulogalamu kotumiza lamulo kudzera pa wailesi kuti kompyutayo idzizimitse yokha n'kudzukanso. Ndinali nditachita zimenezi kambirimbiri popanda vuto. Umadina, umadikira pang'ono, nambala zimayambanso kubwera. Lolemba limenelo ndinadina, ndinadikira, ndinamwa tiyi, ndinadikiranso. Kunali zii.

Ndinathamangira pa wailesi yolankhulira n'kuitana a Mvula, kalaliki wa ofesi yathu ya ku Chama.

"A Mvula, kompyuta ili bwanji uko?"

"Ili che bwino, a Sakala. Kanyali kayaka."

"Zimyani, muyatsenso."

Anazimitsa, anayatsa. Kwa ine kunalibe chofika.

"Manje pa sikirini palembedwa chani?"

Wailesi inangoti phwee kwa kanthawi, ndipo ndinamva ngati anthu akunong'onezana. Kenako a Mvula anabwerera ndi mawu ofatsa kwambiri. "A Daka akuti vonse vili che bwino kuno. Zikomo."

A Daka ndiwo anali mkulu wa ofesi ya ku Chama. Bwana wanga sanafune kumva zambiri. Anati, "Mwaipha ndimwe na tumapulogalamu twanu. Yendani mukaiutse." Nditafunsa za galimoto ya ofesi, anandiuza kuti ili ku Lusaka, inapereka anthu ku msonkhano wokambirana za kufulumizitsa mauthenga. Ndinaluma mlomo. M'chikwama ndinalongedza madisiki, zomasulira, mawaya ndi tizipangizo tina tonse timene ndinaganiza kuti tingakhale titapsa, ndipo m'mawa mwake ndinali pa siteshoni.

Basi ya ku Lundazi ndinaipeza itadzaza bwino, injini ikulira. Kondakitala anandilanda chikwama akufuula kuti, "Mmodzi chabe, tiyende!" Ndinalipira msangamsanga, ndikudziyamikira kuti ndachita mwayi. Nditangokhala pansi, munthu wa pambali panga ananyamuka n'kutuluka. Posakhalitsa winanso kutsogolo anatuluka. Kunali kuti theka la anthu a m'basimo anali aganyu, ongokhala pamipando kuti basi ioneke yodzaza, ndipo wokwera weniweni akalowa, mmodzi wa iwo ankatsika. Dzuwa linafika pamutu tidakali pa siteshoni, kondakitala akufuulabe kuti watsala mmodzi chabe. Nditamufunsa kuti mmodziyo akuchokera ku Kitwe wapansi kapena bwanji, anandiyankha kuti, "Ngati muthamanga, big man, gulani yanu."

Za msewu wa ku Lundazi wa masiku amenewo sindinena zambiri. Phula linalipo, koma linkapezeka apa ndi apo pakati pa maenje, moti dalaivala ankakonda kuyenda m'mphepete. Mayi wina anasanza m'chitenje, nkhuku ya munthu wina inafa ndi kutentha, ndipo mwini nkhukuyo anakangana ndi kondakitala mpaka tinafika. Ndinakagona m'nyumba ya alendo yomwe mpopi wake wosambira unali wokongola koma wopanda madzi.

Ku Lundazi anandiseka nditafunsa basi ya ku Chama. Nthawi ya mvula basi sinkapita. Kumsika anandilozera lole yonyamula feteleza. Feteleza mu Febuluwale, chimanga chitamasula kale ngayaye! Koma imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ndikaiyamba sitifika. Dalaivala anati tinyamuka akangopeza dizilo. Ananyamula chigubu n'kuzimiririka, ndipo Lachitatu lonse linathera pansi pa mtengo wa mango, ife titakhalira akatundu athu.

Pansi pa mtengopo ndi pamene ndinadziwana ndi aNyazimba. Anali mayi wamfupi, wa mano otalikirana, yemwe anabwera kudzagulitsa mpunga ndipo tsopano ankabwerera kwawo ku Chifunda ndi mchere, sopo ndi nsapato za mwana wasukulu. Ataona kuti sindinadye kanthu, ananyema chinangwa chophika n'kundipatsa, kenako analoza chikwama changa.

"Adada, mwanyamula vichi umo? Muchita kuchikumbatira monga mwana."

Ndinawauza kuti ndikupita kukakonza kompyuta ya madzi.

"Ija ya belu?" Nkhope yawo inawala. "Ndimwe? Yewo chomene, adada. Chaka chatha inatiombola. Asikauti anabwera na njinga, ise tinachoka na mapoto na nkhuku vonse. Kucha m'mawa, pamene tenze kugona panali manzi yekayeka."

Kenako anandifotokozera za amuna awo, a Goma. Nyengo imeneyo chimanga chikayamba kukhwima, njovu zimabwera kudzakolola zisanaitanidwe. Choncho amuna amasamukira kumunda, amamanga nsanja, n'kumagona komweko ndi zitini ndi moto. Munda wa a Goma unali kumunsi kwenikweni, pamalo pamene mtsinje ukadzaza umazungulira mbali zonse.

"Nenze kuwauza kuti mvula yachuluka, bwelani kunyumba," anatero. "Iwo akuti, nisiyile njovu chimanga? Belu ikalila nizachoka." Anandiyang'ana. "Manje mwati mukakonza. Yafa?"

Ndinati sinafe, yangogona.

"Kuiutsa ni nchito ikulu?"

"Iyayi amama. Kapena nikungodina kamodzi chabe."

"Basi, kadineni," anatero, n'kubwerera ku chinangwa chawo.

Kuyambira pamenepo ulendo unasintha. Poyamba ndinkapsa mtima chifukwa cha msana wanga ndi mwano wa bwana. Tsopano ndikaona mtambo wakuda kumpoto ndinkaona munthu amene sindinamuonepo, atakhala pansanja ndi chitini m'manja, akudikira belu limene ine ndinkadziwa kuti silingalire.

Dalaivala anatulukira Lachinayi m'mawa, dizilo ali nayo, maso ali psu. Mtengo wokwerera unali utakwera usiku womwewo, ati chifukwa dizilo wa mu chigubu ndi wodula. Tinadandaula, tinalipira, tinakwera pamwamba pa matumba. Tinalipo anthu ochuluka ndithu, kuphatikizapo mphunzitsi wina wachinyamata wochokera ku Ndola amene anamutumiza kukaphunzitsa ku Chama. Anavala nsapato zoyera ndipo ankafunsa aliyense ngati ku Chama kuli malo oonerako kanema. Palibe anamuyankha, pomumvera chisoni.

Titadutsa Emusa, lole inalowa m'dambo n'kukhala pansi mpaka m'mimba. Dalaivala anatsika, anayang'ana mateyala, n'kunena kuti, "Walira mvula walira matope. Amuna onse pansi." Tinatsitsa matumba a feteleza limodzilimodzi, tinadula nthambi, tinakumba ndi makasu obwereka m'mudzi wapafupi. Eni makasuwo anakhala pachulu n'kumationera, ndipo ndikukhulupirira kuti dzenjelo ankalisamalira okha ngati munda. Lole itatuluka tinakwezanso matumba onse aja. Nsapato imodzi ya mphunzitsi uja inatsalira m'matope, ndipo iye anakhala atagwira inzakeyo m'manja mpaka madzulo.

Sitinapite patali, tinapeza kamtsinje katasefukira pamwamba pa mlatho. Dalaivala anazika kamtengo m'mphepete mwa madzi, n'kukagona pansi pa lole. Anati madzi akachoka pa kamtengoko tiwoloka. Ine ndinakhala pamwala n'kumayang'ana madziwo. Anali ofiira, onyamula zitsa ndi mapesi, ndipo onse ankathamangira kumadzulo, kuchigwa, kukalowa mu Luangwa. Timitsinje tonse ta m'mapiri amenewo tinali kuchita chimodzimodzi. Ndinapita kukamudzutsa dalaivala kuti tiyese kuwoloka. Anatsegula diso limodzi n'kunditi, "Imwe mufuna kufika ku Chama olo kumwamba?"

Tinawoloka dzuwa litapendeka. Pa mphambano ina patsogolo pake aNyazimba anagogoda denga la lole kuti atsike. Kuchokera apo kupita kwawo kunalibe galimoto, anayenera kutsetsereka wapansi mpaka kuchigwa, kugona kwa achibale panjira. Ndinawathandiza kusenza mtolo wawo.

"Mwende makola, adada," anatero. "Mukafika mudine, ka?"

Ndinalonjeza. Lole inazima pa chitunda china kusanade, batire litatha, ndipo tinagona pomwepo pansi pa tenti yonunkha feteleza. M'mawa tinaikankha mpaka inalira.

Tinalowa m'boma la Chama Lachisanu masana. Sindinafune madzi akumwa kapena osamba. Ndinathamangira ku ofesi ndili matope mpaka m'tsitsi, ndipo ndinadabwa kupeza anthu akupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira. Ena ankasesa, ena ankamanga chisakasa. Mbuzi yonenepa inali pachingwe kuseri. A Mvula atandiona anagwetsa tsache.

Anandilowetsa m'kachipinda ka kompyuta akukokera miyendo. Bokosi la kompyuta linali pamalo pake, kanyali kakuyaka, monga ananenera. Mawaya a wailesi ali bwinobwino, mabatire a dzuwa odzaza. Koma patebulo panali mbee. Sikirini panalibe, kiyibodi panalibe. Panangotsala mizere ya fumbi yosonyeza pamene zinakhala.

"A Mvula, vili kuti?"

Anayang'ana kukhomo kaye asanayankhe. "Kuli alendo abwela, a Sakala. Akuluakulu, aja opeleka thandizo. A Daka anati ofesi ya mkulu siingakhale yopanda kompyuta patebulo, alendo azatiseka. Manje anatenga tivi ija na chotaipila. Chibokosi anati chisale, sichioneka bwino."

"Liti?"

"Sabata yatha. Koma yenze kusebenza che, mpaka pamene munaizimya imwe."

Apo m'pamene ndinamvetsa zonse, ndipo ndinachita kukhala pansi. Makompyuta a nthawi imeneyo anali ndi khalidwe lake. Ikakhala ikuyenda, ukhoza kuchotsa kiyibodi, siidandaula. Koma ikazima n'kudzukanso, imayamba yafufuza ziwalo zake, ndipo ikapeza kuti kiyibodi palibe, imaima pomwepo n'kumadikira munthu. Lamulo langa lochokera ku Chipata linagwira ntchito bwino lomwe. Kompyuta inazima, inadzuka, n'kupeza kuti aibera manja. Kuyambira Lolemba inali chiimire kudikira chala chimodzi. M'chikwama changa munali chilichonse kupatula kiyibodi, ndipo m'boma monsemo munalibe ina yoti ndingabwereke.

"Nanga pa wailesi paja simunaniuze chifukwa chani?"

"A Daka enze aimilila kumbuyo kwanga," anatero a Mvula, maso ali pansi.

Ndinapita ku ofesi ya a Daka. Mlembi wawo anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti bwana ali pa msonkhano wokonzekera alendo, ndidikire pabenchi. Ndinadikira. Pakhomo lotseka ndinkamva akukambirana ngati kwaya iyambe kuimba alendo asanatsike m'galimoto kapena atatsika. Nkhani imeneyo inatenga nthawi yaitali kuposa imene tinatenga potulutsa lole m'dambo. Kunja kunayamba kugunda. Ndinagogoda, mlembi anandibweza. Ndinagogodanso, chitseko chinatseguka pang'ono, ndipo a Daka anasuzumira, bambo wonenepa bwino wa tayi yofiira.

Ndinawafotokozera mwaulemu wonse umene ndinali nawo. Ndinati ndikupempha kiyibodi kwa kanthawi kochepa chabe, ndidine batani limodzi, ndibweza.

"Tebulo takonza kudala, a Sakala," anatero. "Tayala nsalu, taika maluwa. Mufuna musokoneze? Mlendo ndi mame, mawa abwela, mawa lomwelo apita. Mukatenge pambuyo pake."

"Bwana, ku Chifunda kuli anthu m'minda."

"Anthu a ku Chifunda akhala na Luangwa kuchokela makolo awo. Siku imodzi siizawapaya. Ndipo yendani mukasambe, alendo asakupezeni so."

Chitseko chinatsekeka. Ndinakhalabe pabenchipo ndikuganiza kuti akamatuluka ndiwagwira mwendo. Nthawi yoweruka itakwana mlembi anayamba kutseka mawindo, n'kundiuza kuti bwana anatulukira khomo lakuseri kalekale, makiyi ali m'thumba. Kunyumba kwawo anandiuza kuti apita kukaona za mpunga wa alendo, sakudziwa kuti abwera liti. Ndinabwerera ku ofesi n'kusuzumira pawindo lokhala ndi zitsulo. Kiyibodi inali apo, pansalu yoluka yoyera, pambali pa botolo la maluwa apulasitiki. Waya wake anaupinda bwino n'kuubisa kuseri kwa sikirini, wosalumikizidwa ku chilichonse. Ndinayesa wailesi yolankhulira kuti ndiwachenjeze asikauti ndi pakamwa, koma mphezi zinali zitadzaza m'mwamba, ndipo chimene ndinkamva chinali phokoso lokhalokha. Kunena zoona, ndinalira ndi ukali.

Loweruka m'mawa bwalo linadzaza. Ana asukulu anaima m'mizere, kwaya inavala zofanana, mbuzi ija inali itasanduka fungo lokoma kuseri kwa chisakasa. A Daka anaima pakhonde atavala suti, maso ali kumsewu. Chitseko cha ofesi yawo chinali chotsegula kuti mphepo ilowe.

Sindinapemphenso. Ndinadutsa pakati pa kwaya, ndinakwera khonde, ndinalowa. Kiyibodi ndinaikolowekera m'khwapa, sikirini ndinaikumbatira pamimba, ndipo inali yolemera ngati thumba la chimanga. Botolo la maluwa linagwa n'kugubuduka. A Daka anatembenuka.

"A Sakala! Ni kuba uko! Nizakulembelani lipoti!"

"Lembani," ndinatero. "Koma mulembe na manja, chotaipila natenga."

Ana asukulu anaseka, aphunzitsi awo anawakalipira. Ine ndinali nditafika kale m'kachipinda kaja. Ndinalumikiza sikirini, ndipo mawu anaonekera, oyera pa mdima, m'Chingerezi. Tanthauzo lake linali lakuti: kiyibodi palibe, dinani batani kuti ndipitirize. Wopanga makinawo nayenso ndimafuna nditakumana naye tsiku lina. Ndinalowetsa waya wa kiyibodi, ndinayatsanso, ndipo kompyuta inadzuka bwinobwino ngati sinalakwe kanthu. Ntchito imene ndinayendera pafupifupi sabata yathunthu inatha a Mvula asanamalize kutseka chitseko.

Nambala yoyamba itabwera kuchokera ku Kambombo, ndinaiwerenga kawiri. Madzi anali pamwamba pa mzere woopsa, pamwamba kwambiri, ndipo anali atayamba kale kutsika. Chigumula chinali chitadutsa kale. Kompyuta, posadziwa kuti yachedwa, inachita ntchito yake mokhulupirika n'kuliza belu ku Chifunda.

Kumwamba kunali kutayera, ndipo wailesi yolankhulira inatseguka yokha. Anali msikauti wa ku Chifunda, mawu ake otopa.

"Chama, Chama. Ni ndani aliza belu uko? Muchenjeza ndani manje? Manzi analowa dzulo kukalibe kucha."

Ndinatenga cholankhulira. Ndinafunsa za anthu.

"Ambili anathawila pa chulu, tawatenga na bwato. Minda yonse ya kumunsi yapita. Awili tikalibe kuwaona."

"A Goma?"

"Nsanja yawo taipeza yakodwa mu mtengo. Beve tikali kusakila. Akazi awo afika manje manje, ali pano. Imani, afuna kukamba."

Ndinamva kukhwekhwereza, wina akuwaonetsa pogwira. Kenako mawu aja ndinawadziwa.

"Ndimwe adada a mu lole?"

"Ndine, amama."

"Mwadina?"

"Nadina."

"Lelo?"

"Lelo, amama."

Ndinkangomva kupuma kwawo, mpaka msikauti anatenga cholankhulira n'kunena kuti asunge batire, bwato likubwereranso kumunsi.

Nditatembenuka, a Daka anali pakhomo. Kaya anamva zonse kaya anamva theka, sindikudziwa. Anakonza tayi yawo, anayang'ana kumsewu, kenako anayang'ana patebulo.

"Mwasiliza, a Sakala?" anafunsa. "Bwezani msanga. Alendo angafike nthawi iliyonse."